Fulati ndi yanga, nanga denga ndi la ndani? Lipoti la nkhani ya nyumba ya anthu anayi ku Salima

Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira nyumba za eni, kupeza matenanti, kutolera lendi, kulimbana ndi mapulambala, zoterozo, ndipo ndapanga zimenezi kuno ku Salima kwa zaka ndithu. Nkhani iyi ndikulemba chifukwa anzanga awiri a ntchito yomweyi, wina wa pa boma ku Nkhotakota wina wa ku Dwangwa, akhala akundifunsa kuti paja zija za eni nyumba anayi okanganirana kukonza denga zinatha bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengera yekha. Eni nyumba anandilola kufotokoza bola maina asatuluke, ndiye ndiziwatchula mmene timawatchulira tikakhala pamodzi.

Nyumba yake ndi yosanja, pansi ndi m'mwamba, cha ku Kamuzu Road kuno mbali yolowera ku Senga Bay. Muli mafulati 6, atatu pansi atatu m'mwamba. Anayi ndi akuluakulu a zipinda zogona ziwiri, awiri enawo ndi ang'onoang'ono a chipinda chimodzi, aja amakonda anyamata ongoyamba kumene ntchito. Kunja kuli mpanda wa njerwa, thanki ya madzi ya malita 5,000 pa sitandi yachitsulo, pampu yokwezera madzi mu thankimo, sepitiki thanki imodzi kuseri, ndi mtengo wa mango womwe pansi pake ndi pomwe timakhalira misonkhano. Eni ake ndi anthu anayi omwe anadziwana kalekale mu chipereganyu. Aphunzitsi, omwe anapuma ntchito, ali ndi fulati nambala 1 yaikulu momwe amakhala okha ndi nambala 3 yaing'ono, zonse pansi. Anesi ali ndi nambala 2, yaikulu, pansi pomwepo, nawonso nthawi imeneyo ankakhalamo. Achimwene a ku Joni ali ndi nambala 4 yaikulu ndi nambala 6 yaing'ono m'mwamba. Yotsalayo, 5, yaikulu ya m'mwamba, inali ya bambo wina yemwe ankagula mpunga ku Lifuwu nkumakagulitsa ku Lilongwe, anatisiya pakati pa chaka cha 2023, anasiya mkazi ndi ana atatu.

Puloti anagula mosonkha ndalama zofanana onse anayi. Koma pomanga aliyense anaika mmene thumba lake linalili, ena zambiri ena zochepa, ndiye nyumba itatha anagawana mafulati potengera zimenezo. Anagawana pakamwa, atakhala pakhonde akumwa Fanta, palibe analemba kanthu.

Ndisanaloze wina chala ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Ndinayamba kuyang'anira nyumbayi mu 2021 ndipo sindinapemphe kuona pepala la malo. Anangondiuza kuti iyi ndi ya awa, iyo ndi ya awo, ine nkulemba mu buku langa, mwezi ukatha lendi ya 4 ndi 6 ndimaponya ku akaunti ya achimwene, ya 3 aphunzitsi amafuna pamanja chifukwa za pa foni sazikhulupirira, basi zinthu zimayenda. Kanthu kakang'ono kakaonongeka, kaya loko wa pa geti kaya babu wa pa masitepe, ndimangodula kwa amene lendi yake yabwera msanga mwezi umenewo ndikuti tidzawerengerana. Sitinawerengeranepo olo tsiku limodzi. Kulakwa kwachiwiri, maliro atangotha akulu awo a malemu anabwera kuchokera kumudzi ndi abale ena awiri, akuti lendi ya fulati 5 ya mwezi umenewo ikufunika pokonza manda, ine poona anthu achikulire atavala nkhope za maliro ndinawapatsa osafunsa mayi wamasiye uja. Zimenezi zinadzandibwerera.

Nkhani yeniyeni inayambira pa denga. Mwera wa 2023 unagwedeza malata mbali imodzi, misomali ina inazuka, koma poti kunja kunali kouma palibe anazitenga ngati nkhani. Mu Okutobala ndinakweza mmisiri, anapeza kuti si malata okha, matabwa ena chiswe chinali chitamaliza kale mkati, ukagogoda amalira ngati ng'oma. Anawerengera zonse pamodzi ndi ntchito yake K4,800,000. Ndinaponya pepalalo pa gulupu yathu ya WhatsApp, anthu anaona, zii. Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti ija, mitengo ya malata ndi matabwa inasintha sabata yomweyo, mmisiri anabweranso ndi pepala lina la K6,500,000. Apa mpomwe anthu anayamba kuyankhula.

Aphunzitsi analemba mwaulemu ndithu monga mwa khalidwe lawo: "A Ejenti, ine ndimakhala pansi. Pamwamba panga pali konkire, palibe lata. Amene akudonthedwa ndi amene akonze." Anesi anangoika kachala kovomereza. Achimwene anatumiza mawu a mphindi zisanu ndi ziwiri kuchokera ku Joni, mkatimo anati mutu umodzi susenza denga, aphunzitsi nkuyankha kuti denga lake liti, poti lawo ndi la simenti ndipo silidontha. Mwa masamu a aphunzitsi ndiye kuti achimwene amayenera kutulutsa K3,900,000 ndipo mayi wamasiye K2,600,000, mayi woti ndalama yomwe amadalira inali lendi ya fulati yomweyo ikudonthayo.

Mu Januwale ndinalowa mu fulati 5 mvula ikugwa. Tenanti wake, mayi wa ana awiri, anali atakokera matilesi pabalaza, kuchipinda kuli ndowa ziwiri, beseni ndi poto wophikira nsima, zonse zikulandira madzi chilichonse ndi kulira kwake. Siling'i inali itatupa pakati ngati mimba ya mbuzi yomwe yaba gaga, madzi ake a bulauni onunkha mileme. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Ankolo, mwezi uno ya lendi ndikagulira pulasitiki." Ndinalibe choyankha.

Sabata yomweyo akulu awo a malemu aja anatulukiranso. Akuti banja lakambirana, nyumba ya m'bale wawo ikuonongeka, apeza munthu wa ku Lilongwe wofuna kugula, ndiye ndiwapatse pepala la fulati 5. Ndi tsiku limenelo pomwe ndinazindikira kuti pepala limeneli sindinalionepo ndi maso. Aphunzitsi anatulutsa fotokope mu envulopu momwe amasungamo za penshoni, ndinaitenga kupita nayo kwa loya wina ku Lilongwe yemwe ndimagwira naye ntchito, iye anakafufuza ku ofesi ya za malo kuti tione ngati zolembedwa kumeneko zikufanana. Zimafanana. Lizi imodzi ya zaka 99, puloti imodzi, maina anayi, magawo ofanana. Za fulati 1 kaya fulati 5 munalibemo olo liwu limodzi.

Apa ndiime pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri timasokonekera. Anthu angapo akalembetsa malo amodzi, malamulo athu amazindikira njira ziwiri. Ina ndi ija amati joint, pomwe palibe yemwe ali ndi gawo lakelake, onse ndi eni a chinthu chonsecho, ndipo mmodzi akamwalira zonse zimatsalira amoyowo, ana a malemu sapezapo kanthu kudzera pa pepala limenelo. Imeneyi imakhala bwino kwa bambo ndi mayi a banja limodzi, koma kwa anthu ongogwirizana pa bizinesi ndi msampha. Inayo ndi ija amati in common, pomwe aliyense ali ndi gawo lake lodziwika kukula kwake, kaya theka kaya kota, ndipo akamwalira gawolo limapita ku chuma chake cha masiye. Mwayi wake anthu anayiwa analembetsa njira yachiwiriyi. Koma gawolo silikhala ndi malire oti ungaloze ndi chala kuti langa layambira apa lathera apo. Kota wa malemu sanali fulati 5. Anali kota wa njerwa iliyonse, kota wa bafa la aphunzitsi, kota wa mtengo wa mango. Chimodzimodzinso aphunzitsi, pa pepala ali ndi kota wa malata aja amati sakuwakhudza aja.

Ndiye onani chisokonezo chake. Pakamwa aphunzitsi ndi achimwene ali ndi mafulati awiriawiri, anesi ndi malemu imodziimodzi. Pa pepala onse ndi ofanana. Nditafotokozera akulu a malemu kuti fulati 5 payokha singagulitsidwe chifukwa ilibe pepala, anakhala chete pang'ono, kenako mutu unagwira msanga kuposa mmene ndimayembekezera. "Ndiye kuti m'bale wathu anali ndi kota wa nyumba yonse, inu nkumamupatsa lendi ya chitseko chimodzi? Ndiye kuti mwakhala mukumubera." Kunena zoona funso lake silinali lopusa.

Za iwowo loya anazidula mwachidule. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi omwe amadalira malemuyo, ndipo kutenga chuma chimenechi usali woyenera ndi mlandu. Woti asaine chilichonse m'malo mwa malemu ndi yekhayo yemwe wapatsidwa makalata oyendetsera chumacho. Loyayo anandiyang'ana ine nkunena kuti lendi ija ndinapereka ija ndibweze kwa mayi wamasiye kuchokera m'thumba mwanga, ndipo ndinabweza, pang'onopang'ono miyezi itatu. Mayi uja anayamba kuyendera makalata ake. Akulu aja titawawerengera lamulolo pamaso pa ankhoswe a mbali zonse anangoti, "Alamu, ife timafuna kuthandiza," ndipo kuyambira pamenepo sanabwerenso ku ofesi kwanga.

Koma denga linali likudonthabe, ndipo amene anatipatsa poyambira ndi achimwene a ku Joni. Iwowa ku Johannesburg amagwira ntchito yosamalira mdadada wa mafulati, ndiye zimenezi amaziona tsiku ndi tsiku. Kumeneko kuli lamulo la Sectional Titles Act la 1986, lomwe limalola kuti nyumba imodzi igawidwe pa mapu, fulati iliyonse nkukhala ndi title deed yakeyake yoti mwini wake atha kugulitsa kapena kukapereka chikole ku banki osapempha anzake. Chako chimathera pakatikati pa khoma, pakatikati pa konkire ya pansi ndi ya pamwamba. Zotsala zonse, nthaka, denga, masitepe, mpanda, mapaipi akuluakulu, ndi za onse, ndipo gawo lako pa zimenezi limawerengedwa potengera kukula kwa fulati yako poyerekeza ndi mafulati onse pamodzi. Ukangogula fulati walowa kale mu bungwe la eni nyumba lomwe amati body corporate, ufune usafune, ndipo mwezi ndi mwezi umapereka levy, ndalama yosonkha yosamalira zinthu za onse, molingana ndi gawo lako lija. Lamulo lina la 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, linaonjezera kuti pazikhala matumba awiri, lina la zofunika za tsiku ndi tsiku lina losungira zokonza zikuluzikulu, komanso pulani ya zaka 10 yoonetsa kuti denga lidzafuna ndalama liti, penti liti. Ndipo fulati singasinthe dzina kupita kwa wogula ngati mwini wake ali ndi ngongole ya levy. Achimwene anati wa pansi amalipira nawo lifiti olo sanaikwerepo, wa pamwamba amalipira nawo mapaipi a pansi pa nthaka, ndipo anati mukafuna kuona zomwe zimachitika eni akasiya kusonkha mukaone nyumba zina za ku Hillbrow, dera lina la ku Johannesburg komweko.

Aphunzitsi anati kuno si ku Joni. Zinali zoona, pepala lawo silinali la mtundu umenewo. Koma palibe chimaletsa anthu anayi kulemba mgwirizano wawo nkubwereka nzeru yomweyo.

Chomwe chinafewetsa aphunzitsi si mawu a munthu. Kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Malichi 2024 mvula inavuta kwambiri kunyanja kuno, ndi nthawi ija madzi anasefukira ku Dwangwa, ndipo kuno ku Salima malo ambiri ndi a chidikha, nthaka ikakhuta madzi dzenje lomwetsa madzi a sepitiki silimwanso. Thanki inadzaza, zonse zinabwerera, ndipo zobwerera sizikwera masitepe, zimatulukira pa bafa la pansi. Zinatulukira mwa anesi ndi mwa aphunzitsi usiku umodzi. Mmawa aphunzitsi anandiimbira okha, koyamba chiyambire kugwira nawo ntchito, kuti galimoto yopopa ibwere lero ndipo onse asonkhe chifukwa anthu a m'mwamba ndi amene ali ndi ana ambiri. Sindinanene kanthu za denga, ndinangoitana galimoto. Achimwene ndi amene analephera kupirira, analemba pa gulupu kuti, "Madala, ife m'mwamba muno simukununkha." Ndinawaimbira kuti afufute, anafufuta koma onse anali atawerenga kale.

Koma musawaone ngati ouma mtima aphunzitsiwa, nawonso anali ndi chawo chomwe chimawadya. Pa msonkhano woyamba pansi pa mango paja anabwera ndi kope la sukulu momwe anamatamo malisiti a mayunitsi a magetsi kuyambira nyumba itangotha. Zinapezeka kuti pampu yokweza madzi ndi mababu onse a panja analumikizidwa ku mita ya fulati 1, chifukwa pomanga ndi mita yomwe inayamba kubwera. Zaka zonsezi munthu wa penshoni amakwezera madzi nyumba yonse ndi kuunikira mpanda wonse, ndipo atadandaula kamodzi kalekale anzake anangoseka kuti ndi tindalama tochepa. Ine woyang'anira nyumba sindimadziwa nkomwe. Anati, "Pamene ndimagula mayunitsi ndekha inali nyumba ya ndani? Lero denga ndiye yakhala ya tonse?" Palibe anayankha msanga. Kwa ine apa ndi pomwe panali mutu wa nkhani yonse, kukana denga kuja kunali kubweza chabe.

Ndiye tinayamba ndi kuwabwezera. Tinaitana wa zamagetsi anayerekeza zomwe pampu ndi mababu zimadya pa mwezi, tinagwirizana nambala, ndipo ndalama imeneyo inachotsedwa pa gawo lawo la denga. Tinaikitsanso kamita kakang'ono kowerengera pampu ndi magetsi a panja paokha.

Kenako tepi. Ine ndi mmisiri tinayeza fulati iliyonse mkati onse akuona, achimwene akuonera pa vidiyo. Zazikulu zinatuluka masikweya mita 80 iliyonse, zazing'ono 40, kusiyana kwake kunali kochepa koti tinangogwirizana kuzungulitsa manambala. Zonse pamodzi 400. Ndiye yaikulu ndi 20 peresenti, yaing'ono 10. Aphunzitsi 30, achimwene 30, anesi 20, banja la malemu 20. Pa denga la K6,500,000 ndiye kuti awiri oyambawo K1,950,000 aliyense, enawo K1,300,000 aliyense. Aphunzitsi, poti masamu ndi awo, anaona msanga kuti tikanatsata pepala la malo aliyense akanapereka K1,625,000, iwo nkupulumutsa K325,000. Loya anawafunsa funso limodzi lokha, kuti ngati akufuna kulipira ngati mwini kota, avomeranso kuti lendi ya fulati 3 ndi mtengo wa fulati yomwe akukhalamo zilowe mu poto mmodzi nkugawidwa panayi? Anaseka, anati tiyeni nazo za tepi.

Mgwirizano womwe loya analemba si wautali, masamba anayi, Chingerezi ndi Chichewa. Umanena kuti fulati iti akugwiritsa ntchito ndani ndipo lendi yake ndi ya ndani, zija zinali pakamwa zija. Umatchula zinthu za onse chimodzichimodzi, ndipo apa ndinaumirira kuti tisalembe kuti "ndi zina zotero", tinalemba maziko, makoma akunja, konkire ya pakati, denga ndi matabwa ake, masitepe, mpanda, geti, thanki ndi sitandi yake, pampu, sepitiki, paipi iliyonse mpaka pomwe yalowera mu fulati, ndi bwalo lonse. Za mkati, matailosi, masinki, zitseko, penti, ndi za mwini fulati. Siling'i ya m'mwamba inatikanganitsa theka la ola, tinamaliza kuti ndi ya mwini fulati, koma ikaonongeka chifukwa cha denga thumba la onse ndi lomwe likonze. Paipi ya m'bafa mwako ikaphulika nkuononga kwa mnzako wa pansi, ndi zako.

Chopereka cha pamwezi tinaika K50,000 fulati yaikulu, K25,000 yaing'ono, zonse K250,000, choti chiziunikidwanso chaka ndi chaka chifukwa ndi mmene kwacha ikuyendera nambala ya lero chaka chamawa ndi nthabwala. Mmenemo mumachoka za mlonda, mayunitsi a pampu, kupopa sepitiki, lendi ya nthaka ya ku boma, ndipo gawo limodzi mwa atatu limapita ku akaunti ina yosakhudzidwa pokhapokha pa zinthu zikuluzikulu. Akaunti zonse ziwiri zimafuna anthu awiri kusaina, ndipo ine sindili mmodzi wa iwo, ndinakana dala, munthu wotolera ndalama asakhalenso wotulutsa. Kwa omwe ali ndi matenanti ndimadula chopereka ndisanawatumizire lendi, ndipo iyi ndi mfundo yomwe yagwira ntchito kuposa zonse, chifukwa ndalama yomwe munthu sanaigwire m'manja siimupweteka kwambiri.

Pa zovota anesi ndi amene anadzuka. Achimwene amafuna mavoti aziyenda ndi maperesenti, anesi anati ndiye kuti abambo awiriwa akangogwirizana ali ndi 60, ife amayi tizingomva. Tinamaliza kuti pa zinthu wamba munthu aliyense voti imodzi ndipo atatu akavomera zatheka, koma kugulitsa, kupereka malo chikole, kapena kumanga chilichonse pabwalo pamafunika onse anayi. Wofuna kugulitsa gawo lake ayambe wauza anzake, akhale ndi miyezi itatu yoti agule iwo, ndipo wogula wakunja asaine mgwirizano womwewu asanalowe.

Za kumanga pabwalozi zinabwera chifukwa cha okala. Aphunzitsi anamanga kaokala pafupi ndi geti zaka zapitazo, mdzukulu wawo amagulitsamo sopo, shuga ndi mayunitsi a foni, ndipo anesi nawo ali ndi khola la nkhuku kuseri. Onse awiri anamanga pa nthaka ya anthu anayi osafunsa. Ine maganizo anga anali oti kugwetsa ndi kuyambitsa nkhondo ina yosafunika, ndiye tinachita zomwe achimwene anati kwawoko zimachitika ndi malo oimika galimoto kapena kadimba, malo amakhalabe a onse koma mmodzi amaloledwa kugwiritsa ntchito yekha nkumaponya kenakake mu thumba. Okala K10,000 pamwezi, khola K3,000. Anesi anati nkhuku zawo sizipanga phindu, achimwene anati ndiye muzitipatsa mazira.

Denga linakonzedwa mu Seputembala 2024. Ndalama sizinakwane nthawi imodzi, ndiye achimwene anatsogoza gawo la banja la malemu, ndipo akubwezeredwa kuchokera ku lendi ya fulati 5 pang'onopang'ono popanda chiongoladzanja, zinalembedwa. Mtengo unakweranso pang'ono pofika nthawi imeneyo, tinachepetsa posiya malata ena omwe anali abwinobwino.

Chomwe sichinathe ndi pepala la malo lija. Likadali kota kota. Kuti lisinthe lifanane ndi 30, 30, 20, 20 ndiye kuti anesi ndi banja la malemu atulutse 5 peresenti aliyense, ndipo loya anati gawo lomwe muli ana osakwana zaka 18 si loti mayi awo angangolichepetsa ndi siginecha pansi pa mtengo wa mango, olo atakhala ndi makalata. Zomwe tinalemba ndi zoti nyumba ikadzagulitsidwa yonse, wodziwa kuwerengera mitengo ya nyumba adzasiyanitse mtengo wa nthaka ndi wa chomangidwacho, wa nthaka ugawidwe panayi mofanana poti anagula mofanana, wa nyumba ugawidwe mwa tepi. Ine ndimaona kuti ndi chilungamo, koma ndinawauza poyera kuti mgwirizano ndi pepala la malo zikamanena zosiyana, tsiku lina mdzukulu wa wina adzapita nazo ku khoti.

Achimwene anakumana nalo kale vuto la pepalali. Anafuna ngongole ku banki kuti agule minibasi, chikole mafulati awo awiri, anawauza kuti malowo ndi amodzi ndipo eni onse asaine. Anesi anakana, ndipo sindikuwada, ngongole ya mnzako ikavuta nyumba yogulitsidwa ndi yomwe iwe ukugonamo. Ichi ndi chimene sectional title imathetsa. Kuno kwathu aphungu anavomereza lamulo la Sectional Titles mu 2024, ndipo nyumba ngati iyi ndi yomwe ingapindule nalo, koma pafunika saveya ajambule fulati iliyonse, mapulani a nyumba akhale ovomerezeka, ndi ndalama zolipira zonsezo. Titafufuza mapulani tinapeza kuti omwe anavomerezedwa amaonetsa mafulati anayi, awiri ang'onoang'ono aja anabadwira pa saiti mmisiri ataona kuti malo atsala. Ndiye pali ntchito ina yoti iyambe yachitika tisanafike kumeneko, ndipo eni ake anati tipume kaye. Inshuwalansi ya nyumba yonse nayonso ndinaitchula kawiri, onse amavomera ndi mutu, palibe watulutsa ndalama.

Panopa thumba likuyenda, mwina osati mmene zinalembedwera ndendende. Anesi anasamutsidwa kupita ku Nkhotakota, mu fulati 2 muli mng'ono wawo yemwe salipira lendi, ndiye palibe poti ndidule, ali m'mbuyo ndi miyezi iwiri ndipo akaona nambala yanga amayankha kuti ali pa wodi. Mayi wamasiye sanaphonyepo. Aphunzitsi ndi amene amasunga buku la ndalama ndipo amandifunsa lisiti olo ya babu mmodzi. Sabata yatha mmisiri wa zitsulo anaona kuti miyendo iwiri ya sitandi ya thanki yadyeka ndi dzimbiri pansi penipeni pomwe pamadikha madzi, ndinajambula nkuponya pa gulupu pamodzi ndi mtengo wake. Achimwene ayankha kuti zichoke ku akaunti yosunga ija, aphunzitsi akuti tipeze kaye mitengo ya amisiri ena awiri, ndipo thankiyo ili pamwamba penipeni pa okala yawo.